Maikolofoni ya Agogo Banda

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Banda a ku Matero, ndimamva fungo la mtovu wosungunuka losakanikirana ndi utsi wa makala, iwo atakhala pa kampando kuseri kwa nyumba, msomali waukulu wowotcherera mawaya uli pa mbaula kudikira kuti ufiire, magalasi omanga ndi ulusi atatsetserekera pamphuno. Ntchito yawo ya kufakitale inatha m'zaka zija tinkafolera ufa ndi sopo, ndipo zimene zinatsala kutidyetsa zinali maikolofoni imodzi, ampulifaya yakale, sipika yonga duwa la dzungu ndi batire ya galimoto. Pa maliro, pa ukwati, pa mapemphero a panja, anthu ankabwera kudzawatenga.

Agogo ankadana ndi munthu wogogoda maikolofoni ndi chala kapena kuiuzira. Ankati imeneyo si ng'oma, komanso si phala lotentha. Iwo anali ndi kayesedwe kawokawo. Agogo aakazi ankakaima kutali, kumene anthu adzathere, ndipo amuna awo ankafunsa motsitsa mawu kuti, "Anaphiri, munimvela?" Mawu akafika bwino, agogo aakazi ankakweza dzanja. Akafika odukaduka, ankagwira khutu n'kupukusa mutu. Anthu ankaseka kuti nkhalambazi zikufunsirana pa sipika. Mwambo ukatha, agogo aakazi ndiwo ankakulunga waya pa chigongono pang'onopang'ono, osalola wina kuukhudza.

Agogo aakazi atagonekedwa m'chipatala, agogo aamuna ankangoupindapinda waya uja n'kuuponya m'thumba, kuthamangira nthawi yoona odwala.

Tsiku loika maliro a agogo aakazi, anthu anadzaza bwalo mpaka kumsewu, sipika itamangidwa mu mtengo wa mango, koma maikolofoni inangoti zii. Mtima unandiwawa, poti munthu amene anamveketsa maliro a Matero yense, mbiri ya mkazi wake yekha ikanawerengedwa anthu osaimva. Amalume anawauza kuti asiye, wofedwa sagwira ntchito, ndipo abusa ali ndi mawu aakulu. Koma agogo anangoyamba kufufuza vuto. Anakhudzitsa mawaya a batire, moto unathetheka. Anaika chala pobayira pa ampulifaya, sipika inang'ung'udza, ndiye kuti vuto silinali kumeneko. Anapala pulagi ndi mpeni, osathandiza. Kenaka anayamba kutsata waya ndi zala, kuufinya pang'onopang'ono, mpaka pafupi ndi pulagi, pamene sipika inakhosomola kamodzi. Waya unali utaduka m'kati, pomwe iwo ankaupinda mothamanga, ndipo watsopano masiku amenewo m'masitolo munalibe. Anandituma kukapala moto kwa amayi ophika, anaikapo msomali wawo, anadula waya, anausenda ndi mano n'kuwotcherera.

Atamaliza anaimirira n'kuyandikiza maikolofoni, ndipo pakamwa panachita zomwe panazolowera.

"Anaphiri, munimvela?"

Mawuwo anamveka mpaka kumpopi. Amayi amene ankaimba m'nyumba analeka. Agogo anayang'ana kumene kunathera anthu, kufunafuna dzanja, ndipo ndinaona pankhope pawo nthawi imene anakumbukira. Sindidziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinathamanga kudutsa pakati pa anthu, ndinakwera pa mulu wa njerwa kumsewu n'kukweza dzanja m'mwamba.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Chabwino, mama, yamveka," anatero, n'kupereka maikolofoni kwa abusa. Mbiri ya agogo aakazi anaimva ngakhale ogulitsa makala kutsidya kwa msewu.

Lero ndine mayi wamkulu, ndipo zokuzira mawu za kutchalitchi kwathu ku Chawama ndimayang'anira ndine. Anyamata a kwaya amandiseka chifukwa ndimawalanda waya n'kuukulunga ndekha pa chigongono. Ndimawasowa agogo onse awiri, makamaka Lamlungu m'mawa, anthu asanabwere. Ndikayatsa maikolofoni ndimafunsa funso lomwe lija, dzina osasintha, ndipo mwana wanga wamkazi, amene sanawaonepo, amakweza dzanja ali pa benchi yakumbuyo.