Amayi Awiri a Oleta Drywater

Mayi Oleta Drywater amaluka madengu a mizu ya m'tchire kwawo ku Stilwell, ine n'kumawagulitsira m'kasitolo kanga ku Tahlequah, kuno ku America. Pa sabata amamaliza atatu, nyamakazi ikawaleka.

Vuto linali kapepala komangirira pa dengu. Popanda khadi la mtundu wathu wa Acherokee, sindikanaloledwa kulembapo kuti wolukayo ndi Mcherokee, pomwe ogula ochokera kutali amayamba awerenga kapepalako asanagwire dengu.

"Chibadwire ndikuyankhula Chicherokee, lero ndikapemphe khadi loti lindiuze mtundu wanga?" anandifunsa.

"Si lanu mayi, ndi la ogula," ndinatero. "Mibadwo itatu yokha. Inu, amayi anu, ndi agogo anu amene analembedwa kale m'kaundula wa Dawes, uja wa boma wa mayina a Acherokee. Zikalata ziwiri za kubadwa, basi tamaliza."

Analemba fomu yopemphera khadilo atatsamira kauntala yanga. Pofunsa dzina la mayi analemba Nannie, osaima n'komwe.

Patatha masabata asanu fomu inabwezedwa. Chikalata chawo cha kubadwa chinkati mayi wawo ndi Lucinda.

"Alakwitsa kuofesiko, ndiwaimbira lamya," ndinatero.

"Siya lamyayo. Sanalakwitse."

Anandiuza akusenda muzu ndi chikhadabo. Lucinda ndiye anawabereka, koma anapita ku California kukafuna ntchito iwo ali ndi miyezi inayi, osabweranso. Amene anawalera ndi Nannie, mkulu wake wa Lucinda. Kwathu m'bale wa mayi ako wamkazi ndi mayi ako, ndiye panalibe amene anaonapo chachilendo.

Ine mutu unali utathamanga kale. "Ndiye zaphweka. Onsewo ndi ana a gogo mmodzi. Fafanizani Nannie, mulembe Lucinda, Lolemba tikaperekenso."

"Iwe mwanawe umawerenga msanga ngati makina a m'sitolo. Munthu anandisambitsa, anandiphunzitsa kuwiritsa mizu, ndinamutseka maso ndekha. Ndimukhwatche ndi cholembera chako chotsatsa malondachi?"

Anapinda fomu, naiika m'thumba la juzi. Masabata atatu sanabwere, ndipo ine ndinachita manyazi kuwaimbira. Alumali lawo linakhala lopanda kanthu.

Anatulukira Lachinayi lina m'mawa, nsapato zili matope ofiira, madengu asanu ali m'manja. Anayala fomu yatsopano pakauntala. Dzina la Lucinda linali lolembedwa ndi timalemba tating'ono kuposa ena onse.

"Ndadzera kumanda," anatero. "Ndawafotokozera amayi Nannie zonse, m'chinenero chathu, kuti asadzamve kwa anthu."

"Ndiye ati bwanji?"

"Ati boma lipatse dzina limene likufuna, silinadyepo pakhomo pathu. Atinso ndisamuvutitse mnyamata wa sitoloyo, waonda kale."

Ndinaseka, iwo ayi. Anasaina pang'onopang'ono, kenako anandikankhira fomuyo.

"Kapereke wekha. Ine ndalemba kamodzi, sindikufuna kuliwerenganso."

Ndinatseka sitolo masana omwewo n'kupita ndi fomuyo kuofesi wapansi.