Mafilimu Awiri pa Bedi la Amjomba

Amjomba, achimwene awo a mayi anga, anagonekedwa m'chipatala nyengo ija Mangochi amatentha mpaka malata kumalira okha. Anali ndi shuga, ndipo bala la kuphazi linkakana kupola. Gadiyani ndinali ine.

Jakisoni wa shuga m'chipatalamo anali atatha. Namwino ankangoti galimoto ya mankhwala ili m'njira, ndipo galimotoyo inakhala m'njira mpaka ife kusiya kufunsa. Gadiyani mnzanga anandinong'oneza za kasitolo kena kuseri kwa msika. Mwini wake anatulutsa kabotolo m'katoni pansi pa kauntala, kali kofunda ngati tiyi. Pamene pamalembedwa kuti ndi katundu wa boma panali popalidwa ndi lezala. Ndinapsa mtima, koma ndinagula. Fisi anali atalowa kale m'khola, ine ndikanatani?

Masana m'wodi satha. Ndinapita kwa anyamata oika mafilimu m'mafoni pafupi ndi depoti, iwo n'kundipatsa awiri, ati wopanga wake ndi mmodzi. Amjomba Chingerezi sankamva, choncho ndinkakhala m'mphepete mwa bedi, foni m'manja, n'kumawamasulira.

Tinayamba ndi filimu ya nkhondo. Ndinkaopa kuti iwakumbutsa zowawa, pakuti iwo anathawa nkhondo ya ku Mozambiki ali mnyamata, n'kulowera ku Namwera. Koma anaseka mpaka kutsokomola.

“Bodza ili,” anatero. “Munthu akaomberedwa salankhula zambiri chonchi. Amangokhala pansi ngati watopa.”

Kuseka kunatha pamene mkulu wa asilikali ankagulitsa chakudya cha anyamata ake, iwo akufa ndi njala m'tchire. Apo anagwedeza mutu. “Ichi ndiye wopanga filimuyi anachiona ndi maso ake,” anatero. Kumapeto asilikali aja anamutembenukira mkulu wawo, ndipo amjomba anapempha madzi, n'kumwa mokhutira.

Mawa lake tinaika yachiwiri. Munali amuna a masuti m'nyumba zosanja, mafoni ali kukhutu. Ankatenga ndalama zimene anthu anasungitsa kuti adzadye atakalamba, n'kumazitembenuza pa makompyuta mpaka kusowa. Kumasulira kwake kunanditulutsa thukuta. Ya nkhondo ija sinkafuna pakamwa panga, koma iyi ndinkachita kuimitsa n'kufotokoza, ndipo pena ndinkanama chifukwa nanenso ndinali nditasochera.

“Nanga mfuti zili kuti?” anafunsa amjomba.

“Mulibe, amjomba.”

“Wafa ndani?”

“Palibe amene wafa.”

Anaonera mpaka mapeto, pomwe bwana wa akubawo anatuluka m'khoti akumwetulira, n'kukwera galimoto yake.

Ine filimuyi inandikomera kuposa yoyamba, ndipo ndinawauza. Ndine mphunzitsi, matenda athu ndi osafuna kugonja pa mtsutso. Ndinati ya nkhondo ndi phokoso chabe, aliyense akhoza kuopseza anthu ndi magazi. Iyi ndiye ya nzeru, ikuonetsa kuti dyera silisowa chipolopolo.

“Iwe, sukulu inakupweteka,” anatero amjomba. “Eni ake a ndalamazo wawaonapo nkhope?”

Ndinaganiza, ndipo ndinavomera kuti sanaonetsedwe.

“Basitu. Wopanga mafilimu wakoyu pa ya nkhondo ija anali wolimba mtima. Anatsata chipolopolo mpaka pomwe chinakagwera. Apa masuti amutenga mtima. Wajambula odya okhaokha, akuseka, akumwa, mpaka iwe wayamba kuwasirira. Odyedwa wawasiya kunja.”

Anakweza dzanja n'kuloza wodi yonse. Mabedi anali odzaza, ena atagona pansi pa timatiresi tong'ambika, mkulu wina pakona akubuula kuyambira m'mawa popanda womupatsa kanthu.

“Akanabwera muno ndi kamera yake, akanaimaliza,” anatero.

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka mantha, chifukwa ndinaona kuti dzanja limene analozera lija linkalephera kukhala m'mwamba.

Shuga sanatsike. Namwino wina wachikulire anatenga kabotolo kaja, n'kukayang'ana pawindo, n'kundiuza motsitsa mawu kuti mankhwala amenewa amafa akakhala potentha. “Mwina mukungowabaya madzi, achimwene,” anatero. Phazi linada, fungo linasintha. Anati atitumiza ku chipatala chachikulu, koma ambulansi inalibe mafuta. Ndinalalata pakhonde mpaka mlonda kundigwira paphewa. Aliyense amene ndinamulalatira anali ndi yankho loona: wa ambulansi sasunga mafuta, namwino saitanitsa mankhwala, dokotala anali yekha pa mawodi onse. Wolakwa ankakhala munthu wina nthawi zonse, wa kutali, wopanda nkhope.

Amjomba anatisiya Lachisanu m'mawa, ndipo monga mwa Chisilamu tinayenera kuwaika tsiku lomwelo. Ashehe anandiitana kuti ndithandize kusambitsa thupi tisanalikulunge mu sanda. Ndinali ndisanawaonepo osavala malaya, ngakhale m'chipatala ankakana kuti ndiwavule. Titawatembenuza, ndinaona chipsera chakale pansi pa nthiti, ndi china chachikulupo kumsana.

Mkulu wina amene ankathira madzi, mnzawo amene anathawa naye limodzi nkhondo ija, anaona kuti ndaima.

“Sanakuuzeni?” anafunsa. “Chinalowa apa, n'kutulukira apa. Ndinamubereka ine mpaka kuwoloka malire.”

Ndinafunsa ngati woomberayo anadziwika.

“Tinkamudziwa, anali wa m'mudzi mwathu momwemo. Nkhondo itatha anabwera kudzagwada, amjomba anu n'kumukhululukira. Munthuyo atamwalira, ngakhale jeneza la maliro ake amjomba anu ananyamula nawo.”

Tinamaliza kusambitsa, tinawakulunga, tinawanyamula. Kumanda ashehe anatikumbutsa kuti tisasunge chidani, tikhululukire amene anatilakwira, ndipo anthu anavomera. Ine sindinavomere. Sikuti ndinakana, ayi. Mkwiyo ndili nawo mpaka lero, wathunthu, koma sindikudziwa khomo loti ndikagogode nawo.