Katampa Kanapita ndi Nkhuku

Lachiwiri lapitali ndinapeza msomali wadzimbiri utalowetsedwa kukamwa kwa kachubu ka mankhwala a maso. Mankhwalawo anali a Amina, mwana wa achemwali anga, amene wangoyamba kumene kukwawa.

Ndikufotokozereni mmene msomaliwo unafikira pamenepo. M'nkhani imeneyi mulibe munthu woipa mtima, ndipo n'chimene chikundinyansa kwambiri. Akanakhalamo ndikanangomutukwana, mtima n'kukhala pansi.

Nyengo ino ya fumbi ana ambiri kwathu akudzuka maso atamatana ndi manthongo. La Amina lakumanzere linafiira, linatupa, mpaka linaleka kutseguka. Achemwali anamubereka, ine n'kuwakweza pa njinga, ulendo wa kuchipatala. Inu amene mumaudziwa msewu wochokera mbali za ku Chiuta mukudziwa kuti malo ena mchenga umakutsitsa, njinga n'kumaikankha ngati mbuzi yokana kumsika. Tinafika dzuwa lili paliwombo, tinakhala pa bisha, mzere wa odwala, mpaka miyendo kuchita dzanzi, kenako enifirimeira, namwino wa pamenepo, anatipatsa kachubu ka pomada, mankhwala opaka m'maso, kotalika ngati chala changa chaching'ono. Malangizo ake anali omveka: pakani m'kati mwa chikope, mukamaliza tsekani msanga, ndipo kukamwa kwa kachubuko kusakhudze kanthu kalikonse, ngakhale chala chanu.

Chotsekera chake n'chiyani? Katampa koyera, kopotokola, kongoposa pang'ono njere ya chimanga.

Tsopano ndikufunseni. Munayamba mwamupakapo mankhwala m'diso mwana wosafuna? Dzanja limodzi ligwire mutu. Lina litsegule chikope. Lina lifinye kachubu. Afika atatu, pamene Mulungu anatipatsa awiri. Nanga katampa kagwidwe ndi dzanja liti?

Achemwali ankakaluma ndi mano. Tsiku lina Amina anawaponda chidendene pachibwano, katampa kanathawa m'kamwa, kanagudubuzika pa mkeka n'kugwera pa mchenga. Nkhuku inaona kanthu koyera kakugwa m'manja mwa munthu, ndipo inachita zimene nkhuku iliyonse imachita. Inajompha n'kuthamangira kuseri kwa nkhokwe, zinzake zili pambuyo.

Ine ndinafika mawa lake, n'kukaona kachubu kali pa zenera, msomali uli njo.

"Achemwali, ichi n'chiyani?"

"Atsekera alamu ako. Katampa kanapita ndi nkhuku."

"Ndi nkhuku."

"Usandiyang'ane choncho iwe Zeka. Unalipo? Ukanakhala kuti umabwera kudzandigwirira mwanayu bwenzi ukuyankhula."

Alamu anga a Sumani, amene ndi msodzi, anali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Nanga mlamu, ndikanangokasiya kukamwa kuli yasa kuti fumbi lizilowa? Iweyo kola womatira tayala sumatseka ndi msomali?"

"Kola salowa m'diso la munthu, alamu."

"Ndinaupukuta bwinobwino. Pa malaya."

Ndinafinyira pomada pang'ono pa tsamba la mango. Inatuluka ndi kamzere kofiirira pakati. Ndinafunsa ngati anali atamupaka kale mwana, achemwali anati m'mawa womwewo. Diso lija linali lotupa kuposa tsiku limene tinapita kuchipatala. Kaya unali msomali, kaya anali matenda okha, sindine dotolo. Shikola ndinasiyira mu oitava, kalasi yachisanu ndi chitatu, za tizilombo tosaoneka ndi maso ndinangozimvera pakhomo. Koma dzimbiri ndimalidziwa, ndipo ndikudziwa kuti munthu maso amapatsidwa kamodzi.

Ndinati tibwerere kuchipatala. Achemwali anakana.

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti nkhuku? Akandiimika pamaso pa anthu n'kumati onani mayi wosasamala. Tingofinya yakutsogoloyi n'kutaya, yotsalayo ndi yabwino."

"Msomaliwu wafika mpaka kumatako kwa kachubu."

Amayi athu, amene amakhala nyumba yoyandikana, anaponyapo lawo ali pa mtondo: "Ife titathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo tinkatseka ndi kamtengo, ndipo ana anakula."

Anakula ndithu. Amene sanakule bwino sakhala nawo pa macheza oterewa kuti atsutse. Sindinanene zimenezo, ndi amayi anga. Ndinangotulutsa njinga n'kuiimika pakhomo, ndipo ndinaima pomwepo mpaka achemwali anatenga kapulana n'kubereka mwana, akung'ung'udza kuti dimba lawo liuma chifukwa cha makani anga.

Onani chimene chinatsala pang'ono kumutsekera Amina njira ya kuchipatala. Si mchenga. Si kutalika kwa msewu. Ndi manyazi a kapulasitiki kolingana ndi njere ya chimanga.

Ndipo manyaziwo anali achabe. Enifirimeira sanakalipe. Anauyang'ana msomali, anapuma mozama, anati: "Mwachita bwino kubwera, mayi. Ena amatseka ndi minga, ena ndi kamtengo ka machesi, ndipo amadzabwera diso litaipa kale." Anamutsuka mwana m'diso, anatipatsa kachubu kena. Ndi katampa kena koyera, kofanana ndendende ndi koyamba kaja, kokonzeka kugwa.

Ndiye kuti enifirimeira akudziwa. Amayi a ana akudziwa. Nkhuku zikudziwa. Wosadziwa ndi mmodzi yekha, amene amapanga kachubuko.

Ndinabwerera ndikupalasa ndi kumuganizira munthu ameneyo. Sindimudziwa, koma nyumba yake ndikuiona. Ili ndi tebulo. Ili ndi pansi pa simenti poti kanthu kakagwa umangowerama n'kutola. Akamapaka mwana wake mankhwala, katampa amakaika pa tebulopo, kamakhala phee kumudikira. Kwa iye nkhani yatha, chinthu chake n'chabwino. Sanaganizepo za mkeka, za mchenga, za mphepo ya mwezi uno, za mayi amene ali yekha chifukwa mwamuna wake ali pa nyanja. Anapangira nyumba yake, n'kutumiza kwathu.

Musandiuze kuti n'zosatheka. Pitani pa msika wa Entre Lagos mukaone mankhwala otsukira mano. Ena chivindikiro chake n'cholumikizika, umangochikankha ndi chala, chimatseguka koma sichichoka. Yang'anani magalimoto ena akamathira mafuta, chotsekera thanki chimalendewera pa kachingwe. Nzeruyo ilipo kale, si yochita kukaipempha kumwamba. Wina anati mankhwala a maso amafuna chotsekera chopotokola kuti chigwire zolimba. Chabwino, chikhale chopotokola. Kamchira kapulasitiki kokagwirizira ku khosi la kachubu kangawononge chiyani? Thanki ya galimoto anaiganizira. Diso la Amina ayi.

Koma ndisamangoloza kutali, chifukwa nafenso tili ndi matenda athu, ndipo awa ndi amene andisowetsa mtendere sabata yonseyi.

Ife ndife anthu otseka ndi chitsononkho. Chigubu cha madzi chikataya chivindikiro, timakulunga chitsononkho m'pulasitiki n'kutsekera. Botolo la mafuta ophikira, kansanza. Kola, msomali. Mjigo ukataya bawuti, waya. Ndipo timanyadira. Timati ndife anthu odziwa kudzithandiza, sitisowa chochita. N'zoona, ndipo popanda luso limeneli bwenzi ambiri a ife kulibe. Makolo athu anabwerera kuchokera ku Malawi n'kupeza mabwinja okhaokha, anamanga moyo ndi mawaya ndi zitsononkho zomwezi. Sindikunyoza.

Koma luso limeneli lili ndi mbali yake yoipa. Dzanja likazolowera kutseka bowo lililonse ndi chimene chili pafupi, limaleka kufunsa kuti bowo ili ndi la chiyani. Alamu anga sanachite zaulesi. Anaona chinthu chotseguka, anachitseka, monga achitira moyo wawo wonse, ndipo nthawi zonse zakhala zikuwayendera. Dzanja lawo silinasiyanitse kola ndi mankhwala a m'diso. Langa likanasiyanitsa? Ndikanakhala ine pa khonde paja, mwana akulira, fumbi likuuluka, msomali uli m'thumba, sindikulumbira.

Chinanso n'chakuti munthu wodziwa kuzigamba sadandaula. Amazigamba n'kukhala chete. Ndiye wopanga uja adzamva bwanji kuti chinthu chake n'chopereŵera? Kwa iye kulibe dandaulo lililonse lochokera kwathu kuno ku Mecanhelas. Timamubisira tokha zolakwa zake, ndi misomali yathu.

Ndipo chinthu chikalakwika timamunena ndani? Mayi. Wosasamala. Manja a nsapato. Munthu amene manja ake onse awiri anali pa mwana ndi amene timamufunsa chifukwa chake sanagwire chachitatu. Achemwali sanachite kulota kuti akanenedwa. Anamvapo akazi anzawo akunenedwa, ku chitsime, pa maliro, m'nyumba zawo zomwe. Ife amuna timakhala pansi pa mango n'kumaweruza mmene mwana akanagwiridwira.

Taonani zimene timamanga ndi chingwe. Mbuzi timamanga. Bwato timamanga. Njinga timamanga. Mu ofesi iliyonse imene ndinalowamo kaneta yolembera imakhala pa chingwe, ndipo kapu ya pa mtsuko wa pa msika nayonso ili pa chingwe. Zonsezi timamanga poopa kuti zithawa kapena wina aba. Koma kanthu koti kangogwa m'manja mwa munthu wotopa, sitikaganizira. Wakuba timamukonzekera. Kutopa kwa mayi sitikukonzekera, timangodikira kuti kuchitike kuti timunene.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambi umenewu ndimadana nawo, chifukwa anthu amaugwiritsa ntchito pofuna kukuuza kuti vuto lako ndi lako. Koma Lachiwiri lija unali woona. Wopanga machubu sabwera kwathu chaka chino.

Titafika kunyumba kuchokera kuchipatala kuja ndinaponya kachubu katsopano pa ukonde wa alamu.

"Mumati mumadziwa mfundo. Mangani aka."

Anakatembenuza, anakayang'ana uku ndi uku. "Mlamu, iwe ukufuna ndimange chingwe pa dzino la mbewa?"

"Msomali munaupeza msanga."

Anadula ulusi wa ukonde, anayesa kuuzunguliza pa katampa. Unapulumuka. Anayesanso, unapulumukanso, achemwali akuseka kuti msodzi wagonja ndi chimanga. Pomaliza anauzengereza kangapo m'timizere ta katampako, anakoka ndi mano, anadontheza kadontho ka kola pa mfundo, kunja kokha, ine ndili pamutu pawo ngati msilikali. Mbali inayo anaimanga kumchira wa kachubu. Sichinthu chokongola. Ulusi umapotana ukamatsegula, ndipo umafuna kuubweza. Ntchito imene makina akanaichita mosaganizira n'komwe inadya madzulo onse a munthu amene amafunika kukonza ukonde wake.

Koma katampa sikanagwenso pansi.

Ndipo kuyambira tsiku limenelo, alamu akakhala pa nyanja, ndimapita ine kukagwira mutu wa Amina. Dzanja lachitatu lija linalipo nthawi yonseyi. Linali m'thumba mwanga.

Dzulo m'mawa achemwali atamaliza kupaka, anaiwala kutseka msanga, katampa kanatsala kakulendewera pa ulusi, kakupita uku ndi uku. Amina anasiya kulira. Anakatsatira ndi maso, kumanja, kumanzere, kumanja. Onse awiri, lakumanzere lija lili lotseguka, loyera ngati silinadwalepo. Kenako anatambasula kadzanja kuti akagwire akaike m'kamwa, ulusi n'kukakaniza.

Katampa koyamba kaja amayi anakapeza posesa kuseri kwa nkhokwe, kali m'zitosi. Akatsuka, akasunga m'chitini, akuti kadzagwira ntchito tsiku lina. Mwina kadzagwiradi.

Ine funso langa likupita kwa inu amene munamaliza shikola n'kukakhala kumene zinthu izi zimapangidwa ndi kugulidwa m'malo mwathu. Musanatitumizire kachubu kena, tapezani mwana wolira, mukhale naye pa mkeka, panja, nkhuku zili pafupi. Mutsegule. Kenako mundiuze: katampako mwakaika pati?