Nkhope ya Amayi pa Poster ya Harold

Anzanga, Harold ndinakumana naye mu minibus yochokera ku Monkey Bay, atafungatira katoni ya makapisozi ngati khanda.

"Sister, skin yanuyi ndi natural?"

"Ndi yakumtundu," ndinamuyankha. "Ndinatengera amayi, mphuno ndi maso omwe."

Tisanafike n'komwe pa boma, nambala ndinali nditapereka kale.

Ankagulitsa ma supplement, aja amati amasalalitsa khungu n'kuchedwetsa ukalamba. Ine sindinamwepo olo kamodzi. Koma mwini wakeyo ndinamukonda, kunama ayi.

Tsiku lina anati, "Babe, ndikufuna ndikaonekere kwa masteni."

Ndinavina ndekha m'nyumba.

Amayi akhala akuwamba nsomba kuyambira ndisanabadwe. Utsi ndi dzuwa zinawasiyira makwinya, koma sindinawamvepo akudandaula. Tsikulo anavala chitenje chatsopano, n'kumuphera nkhuku. Harold anagwada mwaulemu, kenako anawajambula nkhope pafupi. Nanenso anandijambula, malo omwewo, nditavala duku lawo lomwelo.

"Za album ya ukwati," anatero.

Loweruka lapitali ndinaperekeza amayi kumsika wa Mangochi, ali ndi dengu la nsomba. Tikudutsa pa shop ya Harold, anaima.

Pakhoma panali poster yaikulu. Kumanzere amayi, kumanja ine. BEFORE... AFTER. Ngati munthu mmodzi.



"Tikhala, taona, mkamwini wandiika pakhoma!" anatero amayi akumwetulira. "Walemba chiyani pansipo?"

Amayi sadziwa kuwerenga.

Azimayi awiri ogula anayang'ana poster, n'kuyang'ana amayi, n'kuyamba kukodolana. Harold anatuluka n'kutiona.

"Babe, it's just marketing. Palibe angawazindikire."

"Ali pano. Awerengere."

"Usapange scene..."

"Ndati awerengere, Harold."

Kumwetulira kwa amayi kunayamba kuzilala.

"Werenga iweyo, mwanawe," anatero. "Sukulu ndinakuphunzitsa ndi nsomba zomwezi."

Ndinafuna kunama. Koma anthu anali atatizungulira, ndipo wina akanawauzabe. Ndinawerenga:

"Mayi uyu anali atatheratu. Muoneni lero atamwa makapisozi athu."

Amayi anadzigwira patsaya. Kenako anatembenukira kwa Harold.

"Bambo, nkhuku munadya ija anaphika ndi munthu wotheratu yemweyu."

Anasenza dengu lawo n'kumapita.

Poster ndinaing'amba ndi manja angawa. Harold akuimbabe, ati ndikukulitsa nkhani. Aimbe mpaka foni ithe moto.

Anzanga, munthu musanamulowetse pakhomo la makolo anu, muzidziwa chimene akukafunako. Ine ndimati akukaona apongozi, pomwe iye ankakaona katundu.

Kutha kwa chibwenzi sikukundipweteka kwenikweni. Chikundipweteka n'chakuti dzulo ndinawapeza amayi akudziyang'ana pa kagalasi kanga. Atandiona anakabisa m'chitenje, n'kundifunsa chapansipansi:

"Tikhala, kodi makapisozi aja amagwiradi ntchito?"