Ndodo Yogwetsera Azitona ya ku Ayalandi

Kumudzi kwathu, m'mapiri a kum'mwera kwa Lebanoni, munthu akafuna kumetedwa ankasankha tsiku loti alibe changu, chifukwa a Nayef ankameta ndi lumo ndi pakamwa pomwe, ndipo pakamwapo ndi pamene pankachedwa kumaliza. Nkhani yawo inali imodzi basi: Ayalandi. Eniakewo sanapondeko ku Ayalandi. Ndi ku Beirut komwe anangofikako kawiri, kachiwiriko kokazulitsa dzino.

Matendawa anawagwira ali mnyamata, atangotenga kumene mpando wometera wa malemu bambo awo. Chaka chimenecho asilikali osungitsa mtendere ochokera ku Ayalandi anamanga kamsasa kawo pathanthwe la pamwamba pa mudzi, malo opanikizika oti ndi mpira womwe sungamenyerepo. Ankatsika kudzametetsa, ndipo a Nayef anatola Chingerezi chawo ndi nkhani zawo zomwe. Mnzawo wa pamtima anali Fintan, wamtali, wa makutu otambalala, amene ankalankhula mpaka lumo kumucheka. Patapita zaka zingapo msasa unasamuka, koma Ayalandi anatsala m'nyumba yometeramo.

Kuyambira pamenepo a Nayef ankatolera chilichonse chokhudza dzikolo. Ukakhala pampando, sopo ali kukhosi, umamva kuti ku Ayalandi kulibe njoka m'tchire. Umamva kuti ku Amereka kuli mzinda umene chaka ndi chaka amathira utoto wobiriwira mumtsinje pokumbukira kwawo kwa anthu a ku Ayalandi. Umamvanso za kachilumba kakutali ka anthu akuda, a mayina a ku Ayalandi, amene amatseka ndi maofesi omwe pa tsiku la chikondwerero cha dzikolo. Zonsezi n'zoona, ndinazifufuza ndekha. Koma mudzi wonse unkaseka chikhakhali.

"Abu Haidar, mwayambatu," ankatero anthu, powatchula ndi dzina la mwana wawo woyamba. "Utoto mumtsinje? Nsomba zake amadya ndani? Tangometani, inu!"

Pa zonse zimene a Nayef ananena moyo wawo wonse, anthu anakhulupirira chimodzi chokha, ndipo chimodzicho ndiye chinali bodza.

Chinayamba chonchi. Tsiku lochoka Fintan inali nyengo yokolola azitona. Galimoto ya asilikali ili kale mumsewu, iye anathamangira kumunda kumene a Nayef ankalimbana ndi nthambi ndi kabango kowonda. Anali atanyamula ndodo yosalala yofika m'chiuno, yopapatika kumapeto ngati chikhatho. Anaigwedeza kawiri m'malere, anawapatsa, anawakumbatira misozi ili mbwembwembwe, ulendo. A Nayef anayang'ana ndodo, anayang'ana mtengo, n'kumenya nthambi kamodzi. Azitona anayoyoka ngati matalala.

Pofika madzulo anali atalengeza kuti iyi ndi ndodo imene anthu a ku Ayalandi amagwetsera azitona. Sankanama dala, anali kukhulupirira. Kalipentala anasema zina, ndipo posakhalitsa khomo lililonse linali ndi yake. Alendo akafunsa, anthu ankaloza nyumba yometeramo ndi ulemu: "Nzeru za Abu Haidar zimenezo."

Wotsutsa anali mmodzi, mlamu wawo a Kamel, mchimwene wa akazi awo, amene anaphunzitsa za mayiko mpaka kupuma ntchito.

"Ku Ayalandi kulibe azitona, alamu. N'kozizira, dzuwa amaliona ngati mlendo."

"Nanga ndodoyi anaisemera chiyani, aphunzitsi? Yokandira msana?"

Anthu ankaseka, a Kamel n'kumeza malovu. Anameza zaka makumi anayi.

Tsoka linawapeza a Nayef mumzinda wa Turo, atapita kokagula malumo. M'sitolo ina pa kanema anaona amuna makumi atatu a ku Ayalandi akuthamangitsana pabwalo la udzu, aliyense ndodo yogwetsera azitona m'manja, akulimbirana kampira kochepa ngati dzira. Mtengo panalibe ndi umodzi womwe. A Nayef anatuluka m'sitolomo, malumo osagulanso. Atafika kunyumba anauza munthu mmodzi yekha, mkazi wawo a Zahiya.

"Ndiye kawauzeni anthu," anatero a Zahiya akusenda anyezi.

"Ndiwauze chiyani, Umm Haidar? Kuti zaka zonsezi mudzi wakhala ukukwapula mitengo ndi zoseweretsa? Achimwene anuwo aphe nkhosa?"

"Nanga azitona sakugwa?"

"Akugwa."

"Basitu, tsekani pakamwa. Mwina mukhoza, sitinakuoneni mukuyesa."

Anatseka, pa nkhani imeneyo yokha. Koma bodza silikalamba. Chaka chatha, kukolola kutangoyamba, mwana wawo Haidar anabwera ndi uthenga wa pafoni: Fintan ali moyo, wafunsa funsa mpaka wawapeza, akubwera Loweruka.

A Nayef anasangalala mphindi imodzi yokha. Iwo ngati wometa ankadziwa bwino kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Anali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, analibe munda waukulu, sanakhalepo pa mpando wina uliwonse kupatula wometera. Ulemu wawo wonse unali ndodo ija. Ikanathyoka, akanatsala nkhalamba yolongolola za utoto wa mumtsinje.

Anakonza zokamulandira yekha Fintan kumsewu waukulu kuti akamunong'oneze. Koma a Kamel, amene sanabwerekepo munthu galimoto yawo chiigulireni, anadzipereka ndi mtima wonse kukatenga mlendo. Anakana kukwera ndi wina, ati matayala ndi otha.

Sanapite naye kunyumba. Anamutsitsira kumunda, pamene theka la mudzi linali pansi pa mitengo, nsalu zitayalidwa, ndodo zili m'mwamba. Fintan anatuluka, mutu uli mbuu, makutu ali omwe aja. Atawaona a Nayef anatambasula manja, ndipo nkhalamba ziwirizo zinakumbatirana n'kulira mosabisa. Kenako Fintan anakweza maso n'kuona phiri lonse likugwedeza ndodo za masewera akwawo. Pakamwa panatseguka.

A Kamel anakonza kukhosi. Ankafunsa m'Chingerezi n'kumamasulira okha mokweza, kuti pasapezeke wophonya.

"Bwana mlendo, tithandizeni pang'ono, ife ndife anthu osayenda. Kwanu ku Ayalandi, mitengo ya azitona ilipo ingati?"

Ndodo zonse zinatsika. A Zahiya anaima ndi thireyi ya khofi m'manja. A Nayef anayang'ana pansi, ndodo yeniyeni ija, yakuda ndi thukuta la zaka makumi anayi, ili m'dzanja. Fintan anayang'ana ndodoyo, anayang'ana nkhope ya mnzake, ndipo anakanda khutu.

"Kulibe," anatero. "Ndi umodzi womwe."

"Mwamva? Akuti kulibe!" anakuwa a Kamel, mawu akuchita kuthyoka ndi chimwemwe. "Ndi umodzi womwe!"

"Tinaimaliza," anapitiriza Fintan mwachisoni, akupukusa mutu. "Ndi ndodo zomwezi. Makolo athu ankamenya mopanda chifundo, mitengo yonse inauma. Lero tangotsala ndi ndodo, tikungomenya kampira kuti manja asaiwale. Chonde abale, inu muzimenya pang'onopang'ono."

A Kamel sanafune kumasulira zimenezo, koma Haidar anawathandiza. Azimayi anagwira pakamwa, kumvera chisoni dziko lonse la Ayalandi. Mkulu wina anasisita mtengo wake ngati akuupepesa. A Kamel anati akayang'ane ngati atseka galimoto, ndipo sanabwerenso.

Atamwa khofi, a Nayef anamukokera Fintan kuseri kwa mtengo.

"Iwe m'bale wanga, ukudziwa kuti wanama pamaso pa Mulungu?"

"Ndikudziwa. Kodi unazindikira liti?"

"Papita zaka khumi. Chizindikirireni sindinadye azitona n'kumva kukoma."

Fintan anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatulutsa foni, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Tsono nawe undithandize. Kwathu ndakhala ndikuuza anthu kuti ku Lebanoni ndinasiya ndodo imodzi, ndipo mudzi wonse unaphunzira masewera athu. Zaka makumi anayi akundiseka. Ndili ndi mlamu wanga wina, amachita kundiyesa wamisala."

"Nawenso uli ndi mlamu?"

"Woposa wakoyu. Tawauza aime pamodzi apo poyera, akweze ndodo. Koma mitengo isaoneke."

A Nayef anatuluka kuseri kuja msana utawongoka, anaomba m'manja n'kulamula mudzi wonse kuti ufole m'mizere iwiri, amayi achotse madengu. Anati ndi mwambo wa ku Ayalandi wothokozera zokolola, ndipo palibe anatsutsa. Iwo anaima pakati, ndodo yakale ili m'mwamba, dzanja lina litagwira phewa la Fintan. Haidar anajambula katatu, chifukwa kawiri konse nkhalamba ziwirizo zinali kupukuta m'maso.