Amene Anadya Mchere wa Amayi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anga anamwalira. Za tsiku la maliro ndimakumbukira zochepa, koma masabata otsatira ndimawaona bwinobwino mpaka lero.

Bambo ankadula nzimbe ku esiteti. Tinkakhala m'nyumba ya kampani ya chipinda chimodzi, ine, amayi, bambo ndi mlongo wanga Tomasi, amene anali woyamwa. Madzulo bambo ankabwera ali bii ndi mwaye wa nzimbe zootcha, maso okha akuyera. Atayamba kutsokomola tinkati ndi utsi womwewo. Kenaka thupi linayamba kutha, chikwanje chinayamba kuwalemera, ndipo a kampani anawauza kuti akapumule kwawo.

Kwawoko kunali kumunsi, cha ku Marka. Amayi anali a ku Kasisi. Chisena ankachimva, koma akati ayankhule anthu ankaseka, choncho ankangokhala chete. Bambo anali atapereka malowolo, ndiye ife tinali ana a kuchimuna, ndipo amayi analibe mbale wawo pafupi woti n'kuwayankhulira.

Bambo anamwalira m'chilimwe, nthawi imene mchenga umaotcha mapazi ngakhale m'mawa. Anthu atabalalika, bambo aakulu, a Alufandika, anaitana amayi pansi pa mtengo wa masau. Sindikufuna kuwanamizira bambo amenewa. Sanali munthu wankhanza. Ndi iwo amene ankasenza bambo kupita nawo kuchimbudzi pamene miyendo inakana, ndipo kumanda analira mpaka anthu kuwagwira.

“Mlamu,” anatero, “imfa idakali m'nyumba mwanu. Mpaka mwambo wa kupita kufa utachitika, musathire mchere m'ndiwo zodya munthu wina, ndipo mbale zanu zikhale pazokha. Nafenso sitibzala kudimba mpaka zitatheka. Munthu wake tamupeza kale.”

Nthawi imeneyo sindinkadziwa tanthauzo la mawuwa. Ndinadzamva nditakula kuti ankalemba mwamuna wina kuti adzagone ndi mayi wamasiye, ati kuti imfa ichoke pamudzi. Ankakhulupirira kuti zikapanda kutero, aliyense wodya mchere wa mayiyo amatupa miyendo, n'kuyamba chifuwa, n'kufa.

Munthuyo ndinamuona. Anabwera masana ena n'kukhala pa mpando wa bambo aakulu, akumwa mowa wa uchema. Anali wa kutsidya kwa dambo, ndipo ntchito yake inali yomweyo, kuyenda m'midzi momwe mwagwa maliro. Malaya anali atamukulira. Atatsokomola, amayi anasiya kupeta mapira n'kumvetsera. Ndinawamva akudziyankhulira okha kuti, “Chifuwa chomwe chija.”

Madzulo ake bambo aakulu anabwera pakhomo kudzanena tsiku. Amayi anagwada monga mwa nthawi zonse, Tomasi ali kumsana, ndipo anayankha ndi liwu limodzi la Chisena, lotanthauza kuti ayi.

“Nkhabe.”

Tsiku limenelo palibe anaseka Chisena chawo.

Bambo aakulu sanakalipe. Anangoti mvula ili pafupi, ndipo banja lonse silingafe ndi njala chifukwa cha munthu mmodzi. Ngati amayi sakufuna mwambo, abwerere ku Kasisi okha, ana atsale pamudzi pa bambo awo. Anawapatsa nthawi yoganiza mpaka mvula yoyamba.

Mbale zathu ndi chikho chathu zinaikidwa kuseri kwa nkhokwe. Kuchitsime amayi ankadikira kuti onse atunge, wina n'kuwathirira madzi mumtsuko ataima patali. Ana a bambo aakulu, amene ndinkasewera nawo phada, anauzidwa kuti asandigawire chilichonse kapena kulandira changa. Koma chimene chinandipweteka kwambiri chinali m'nyumba mwathu momwe. Amayi anakana mwambo, komabe mantha anali nawo. Anasiya kuthira mchere m'ndiwo zathu. Tinkadya therere ndi nkhwani zozizira ngati madzi, ndipo ndikadandaula ankangoti, “Idya, Malita,” osandiyang'ana kumaso.

Lamulungu ankapita ku Misa n'kukhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Kumeneko ndi kumene anawaona Mai Zuze, mayi wamasiye wogulitsa nsomba zouma, wamawu aakulu, amene ankaseka mpaka m'tchalitchi. Mai Zuze anali m'kagulu kena ka ku parishi. M'kagulumo munali asisitere amodzi, mphunzitsi wina wopuma pantchito, akatekisiti ndi amayi angapo. Ankapita kuboma ndi kumisonkhano ya mafumu kukayankhula za katundu wa amasiye, za atsikana okwatiwa ali aang'ono, ndi za anthu odula nzimbe amene amachotsedwa akadwala. Ankati akupempha boma kuti liike lamulo loletsa miyambo ngati imeneyi. Azibambo a pauchema ankawatcha “a maufulu”, ndipo ankati atchalitchi azingopemphera kolona, za m'nyumba za anthu azisiye. Ngakhale Akatolika ena a mumphakati mwathu ankanong'ona kuti bambo mfumu alibe mkazi, angadziwe chiyani za imfa ya m'banja.

Tsiku lina kaguluko kanabwera pamudzi. Bambo aakulu anawayalira mphasa n'kuwapatsa madzi. Aphunzitsi aja anayankhula nthawi yaitali. Ananena za ufulu wa mayi, za matenda amene anali kutha anthu, za lamulo limene likubwera. Ine ndinamvapo pang'ono. Bambo aakulu anamvetsera mpaka pomaliza, kenaka anawomba m'manja pang'onopang'ono.

“Aphunzitsi, mwayankhula bwino, takhuta. Koma dzuwa likalowa inu mukagona kwanu. Ana anga akatupa muno, lamulo lanulo lidzabwera ndi khasu kudzandithandiza kukumba?”

Aphunzitsi anayang'ana asisitere, asisitere anayang'ana pansi. Anapemphera mwachidule n'kunyamuka. Ine ndinadziwa kuti zatha, amayi apita ku Kasisi, ine ndi Tomasi titsala.

Mawa lake, dzuwa lili pamutu, Mai Zuze anatulukira ndi amayi ena awiri a m'kagulu komweko. Sanapite kwa bambo aakulu. Analunjika pakhonde pathu n'kukhala pansi, miyendo tambalale, n'kutulutsa milamba youma ndi matimati m'dengu.

“Make Malita, tiphikireni. Tayenda mtunda, njala yatipha.”

Amayi anayamba kuphika. Nsomba zitawira, Mai Zuze anamasula mfundo ya pachitenje pawo n'kuwapatsa mchere m'dzanja. Amayi anangoima, mcherewo uli m'dzanja.

“Mai Zuze, muli ndi ana,” anatero.

“Ana anga ndi akuluakulu, amadya okha. Thirani.”

Amayi anawaza pang'ono.

“Onjezerani! Ndiwo zosakolera ine sindidya. Mukutimana ngati tabwera kudzapempha?”

Pofika nthawiyi anthu anali ataima m'makhonde mwawo, ena kuseri kwa makola a mbuzi. Mai Zuze anatenga okha mbale zathu zija kuseri kwa nkhokwe, n'kuzitsuka, n'kukhala poyera penipeni. Mmodzi wa anzawo aja anachita chizindikiro cha mtanda kawiri, n'kungonyambita pang'ono. Koma Mai Zuze anadya ngati munthu wochokera kumunda, mpaka kupsopsona mutu wa mlamba. Ataona azakhali anga akusuzumira, anawakodola.

“Bwerani pafupi, anzanga, mudzandione ndikutupa! Mwina ndikatupa ndipeza banja. Amuna a kuno amati ndine fupa lokhalokha.”

Wina anaseka kuseri kwa khola, kenaka anadzigwira pakamwa.

Pomaliza Mai Zuze anandikankhira mbale. Ndinayang'ana amayi. Amayi anayang'ana kumbali, kenaka anagwedeza mutu pang'ono. Ndinkaopa kufa, koma njala ya mchere inali itandikwana. Ndinadya. Mcherewo unandiluma lilime, ndipo misozi inangotuluka yokha.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndikadzuka ndinkadina mwendo wanga ndi chala kuti ndione ngati wayamba kutupa. Ndinkadinanso wa Tomasi amayi akatuluka. Sunatupe. Mai Zuze nawonso sanatupe, ndipo ankabwera kawirikawiri, akudutsa dala pakati pa mudzi n'kumakweza chitenje kuonetsa anthu miyendo.

Mvula yoyamba inagwa. Bambo aakulu anadikira masiku angapo, kenaka anakabzala. Munthu wa kutsidya uja sanabwerenso, ndipo nkhani yoti amayi achoke sinatchulidwenso. Koma mbuzi za bambo zinasamukira m'khola la bambo aakulu, ndipo kudimba sanatigawire ngakhale mzere umodzi. Amayi ankalima ganyu m'minda ya anthu a kutchalitchi. Tinkakhala pamudzi pomwepo ngati alendo amene achedwa kutsanzika. Komabe tinali pamodzi, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti tapulumuka.

Mvula itafika pakati, madzi anasefukira m'dambo ndipo udzudzu unachuluka. Tomasi anatentha thupi, n'kukana bere. Tsiku lachiwiri anayamba kukomoka, maso akuyera. Msewu unali utaduka. Amayi anamubereka n'kulowa m'madzi ofika m'chiuno, ine ndikutsatira pambuyo nditagwira nsonga ya chitenje chawo. Titafika kuchipatala, adokotala anamasula mwanayo, n'kumugwira pakhosi, n'kumufunditsanso. Anati ndi malungo. Anali atamwalirira kumsana kwa amayi, ndipo iwo anali atadziwa kale tili m'madzi, koma sanaime.

Pamaliro panabwera anthu ochepa. Bambo aakulu anakumba okha manda, m'dothi lonyowa limene linkangogumukira mkati. Atamaliza kukwirira anaima pafupi ndi amayi, matope ali mpaka m'mawondo, misozi ikutsika.

“Mlamu, ndinanena.”

Kenaka anatola khasu lawo n'kumapita.

Amayi awiri aja amene anadya nafe sanabwerenso pakhomo pathu. Ndinamva kuti mmodzi anakatenga mankhwala kwa sing'anga. Aphunzitsi anatumiza mawu achipepeso, ndipo asisitere anabwera madzi ataphwa kudzawaza nyumba ndi madzi odalitsidwa. Mai Zuze ndi amene anasambitsa thupi la Tomasi, ndipo anagona kwathu sabata yonse. Nthabwala zinali zitawathera. Ankangokhala pambali pa amayi, kuwathamangitsira ntchentche, ndipo chakudya chikapsa ankadya.

Tsiku lina tikutola nkhuni, ndinawafunsa amayi zimene mudzi wonse unkanena.

“Amayi, mukanavomera, Tomasi akanakhala moyo?”

Anamanga mtolo wawo kaye, n'kukoka luzi ndi mano. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ayi, monga ankanenera a kutchalitchi.

“Sindikudziwa, mwanawe,” anatero. “Adokotala akuti malungo. Iwenso wadya za m'manja mwanga miyezi yonseyi, ndipo uli pano. Koma sindikudziwa.”

Titakolola zochepa za ganyu, tinanyamuka kupita ku Kasisi tonse awiri. Bambo aakulu sananditsekereze. Ndikuganiza kuti ankandiopa. Amayi anakhala zaka zochepa, kenaka thupi linayamba kutha monga linathera la bambo. Mwina Tomasi anabadwa nawo matendawo, mwina anali malungo okha. Palibe amene angandiuze tsopano.

Sukulu ndinalekera ku pulayimale, ndipo za malamulo sindizidziwa bwino. Ndimangomva pa wailesi kuti masiku ano mwambo uja ndi woletsedwa, ndi kuti wolanda katundu wa wamasiye akhoza kumangidwa. A ku parishi amati ndi zipatso za ntchito imene magulu ngati kaja anagwira zaka zambiri, ndipo ine sinditsutsa. Pakanapanda anthu opita kuboma kukayankhula, sindikudziwa kuti bwenzi zili bwanji lero. Chaka chatha mwamuna wanga anamwalira. Abale ake analira nane, anandisiyira nyumba ndi munda, ndipo palibe ananditchulira mwambo uliwonse. Mwana wanga wamkazi sadziwa n'komwe kuti zoterezi zinkachitika.

Koma ndili pamphasa yamaliro, amayi a mumphakati akuimba, ndinkaganiza za funso la bambo aakulu kwa aphunzitsi. Funso limene lija linali loona. Oyankhula bwino amabwerera kwawo dzuwa likalowa, ndipo zimene ayankhulazo zimatsala ndi munthu mmodzi m'nyumba yake, pakati pa anthu amantha amene si oipa. Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi anakana chifukwa ankadziwa kuti mwambowo ndi wabodza. Tsopano ndikumvetsa kuti sankadziwa. Ankauopa ngati wina aliyense pamudzi paja, ndipo anakanabe.

Ine ndalira mwamuna wanga mwamtendere, popanda wondiloza chala. Amayi anga analowa m'manda asakudziwa ngati anapha mwana wawo kapena ayi, ndipo lamulo linafika mochedwa kuti liwauze.