Zinkhoma za a Gabriel

A Gabriel Nakhumwa anabadwira m'malaini a esiteti ya tiyi, kumene bambo awo, ochokera ku Milanje ku Mozambique, anathyola masamba mpaka msana kupindika. A Gabriel dengu la tiyi analikana. Anayamba ndi kusenza zikwama za alendo okwera phiri la Mulanje, ndipo pamene ankakwatira mayi Sabina ku Thuchila n'kuti ali kale wolondolera alendo wodziwika.

Anzawo ankathamangitsa alendo kuti akafike pansonga. A Gabriel ankawakhazika pansi. "Khalani chete, phiri likuzolowereni," ankatero. Pakapita kanthawi mbira zinkatuluka kudzawothera dzuwa, apusi n'kumadutsa m'nthambi. Koma chuma chawo chenicheni chinali thanthwe lina kuseri kwa mikungudza yowuma. Pamenepo pankakhala zinkhoma ziwiri, chachimuna ndi chachikazi, tinyama tonga mbuzi toyima ndi nsonga za ziboda. Osaka ndi agalu anali atatha zinzake, ndipo njira ya kuthanthweko a Gabriel sanauzepo munthu wa m'mudzi.

Namondwe wa Freddy anatsitsa miyala yaikulu ngati nyumba n'kukwirira munda wawo. Alendo anasiya kubwera. Chaka chotsatira mvula inadula chimanga chisanabereke. Pakhomo ankagonera mango aawisi owiritsa, ndipo mdzukulu wawo Jenifer, wa zaka zitatu, tsitsi linayamba kufiira, mapazi kutupa.

Tsiku lina bambo ake a mwanayo, mkamwini wawo Hopewell, anadzagwada pafupi nawo.

"Bambo, pamene pali nyama mukupadziwa. Mwanayu afe inu mukusungira alendo mbuzi za m'phiri?"

"Zija si ndiwo. Zija ndi khasu langa."

"Khasu losalima," anatero mayi Sabina, maso ali kumbali.

A Gabriel anakana masiku atatu. Tsiku lachinayi Jenifer analephera kudzuka pamkeka. A Gabriel anaitana mkamwini uja, anatola kamtengo, n'kumujambulira njira padothi. Hopewell anakatchera waya, anayendera kawiri osapeza kanthu, kenako anawoloka malire kukasaka ganyu ku Mozambique.

Sabata isanathe foni inalira. Anali mayi Marjory, namwino wopuma pantchito wa ku Limbe. Ankafuna kuona chinkhoma mawondo awo asanatheretu, ndipo anali atamva kuti wowaonetsa ndi mmodzi yekha. A Gabriel anafuna kukana, koma uyu anali mlendo woyamba m'miyezi isanu. Pamene panali waya sankapadziwa, womufunsa panalibe.

Anakwera m'chiperoni, mayiwo akupuma pafupipafupi. Njira yonse a Gabriel ankapemphera chamumtima: Ambuye, zikhale kuti zathawa, ndibwerere ndi manyazi okha. Atayandikira anamva likhweru lakuthwa, lobwerezabwereza. Chachimuna chinali chilili pamwamba pa thanthwe, chikulira. 

Chachikazi anachipeza m'munsi, m'maudzu. Waya anali atachigwira m'chiuno n'kulowa m'mnofu. A Gabriel anagwada n'kuyamba kumasula ndi zala, waya akuwacheka, magazi awo ndi a nyama akusakanikirana. "Pirira, mayi, pirira," ankanong'ona. Waya atachoka chinayesa kudzuka, koma miyendo yakumbuyo inangokwekwereka.

Mayi Marjory anachisisita pamsana ndi dzanja lozolowera odwala. "Msana wathyoka. Musachizunzenso." Kenako anafunsa: "Koma ndani wopanda chisoni wachita zoterezi?"

"Ndine, mayi. Njira ndinaloza ndine."

Anatulutsa mpeni. Atamaliza anakulunga nyamayo m'jekete lawo, chifukwa kuisiyira makhwangwala sakanatha. Potsika anafotokoza zonse, za munda, za mango, za mwana. Atafika kumsewu mayiwo anangoti, "Kandionetseni mwanayo."

Kunyumba mayi Marjory anadina phazi la Jenifer ndi chala, ndipo kadzenje kanatsala pomwepo.

"Uyu nyama yokha siingamudzutse. Mberekeni, mayi, galimoto ili apo."

Jenifer anagona m'chipatala milungu itatu, ndipo anachira. Nyama ija anadya otsala pakhomo. A Gabriel sanailawe.

Kuthanthwe kuja anabwererako kanayi. Chachimuna chinali chitapita, kaya kuti. Alendo ochepa amene ayambiranso kubwera amafunsabe za zinkhoma, ndipo iwo amangoyankha kuti sangalonjeze. Masiku opanda mlendo amakwera okha, ndi chinangwa m'thumba, kuyang'ana m'mapanga a mbali ya ku Lichenya, bondo lakumanzere likuwaza ngati moto. Mwezi watha anapeza timanyi tatsopano pamwala wina. Anakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, koma sipanatuluke kanthu. M'mawa mwake anakweranso.